Mutu Ukaima Tsiku Lopereka Buku Likuyandikira: Mafunso ndi Mayankho kwa Alembi a Nkhani Zazitali

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerezedwa kawirikawiri ndi alembi a kuno ku Kasungu, ambiri mwa iwo aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji, ogwira ntchito m'maofesi ndi alimi, amene avomera kupereka buku la nkhani yaitali pa tsiku loikika, kaya kwa wosindikiza kaya ku mpikisano, koma afika poti ndondomeko ya nkhaniyo yakana kuyenda. Tayamba ndi mafunso apafupi n'kumapita ku ozama, ndipo pamene yankho lakhudzidwa kale pena, talozera komweko.

Kodi kuima kwa mutu n'chiyani kwenikweni? Kodi kukutanthauza kuti ndilibe luso?

Sikukutanthauza zimenezo, ndipo tikupemphani kuti ganizo limeneli mulichotse msanga chifukwa limadya masiku amene mulibe. Mwa alembi amene takhala nawo pansi n'kuona zolemba zawo, ambiri amene amadandaula kuti mutu waima amakhala atafika pamalo pamene payenera kugamulidwa chinthu m'nkhani yawo, koma iwo sanagamule. Mwina sanasankhe ngati mwininkhani adziwe chinsinsi cha bambo ake kumayambiriro kapena kumapeto, mwinanso sakudziwa chimene mkazi wa m'nkhaniyo angataye akalankhula zoona pabwalo la amfumu. Dzanja limakana kulemba chiganizo chotsatira chifukwa chiganizocho chikudalira yankho limene silinapezeke. Tsiku lopereka likamayandikira, mantha amamunamiza munthu kuti vuto lake ndi kuchedwa, ndiye amadzikakamiza kukhala pa tebulo mpaka usiku, pamene chimene chimafunika chinali kuika kaye cholembera pansi n'kufunafuna funso losayankhidwalo.

Nanga ndingadziwe bwanji chimene chandiimitsa?

Fotokozerani munthu wina nkhani yanu pakamwa, osayang'ana pepala, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Munthuyo ndi bwino asakhale mlembi mnzanu. Sankhani mchemwali wanu, mlamu wanu kapena mnzanu wa kuntchito amene sachita manyazi kufunsa kuti, “Ndiye kenako zinatha bwanji?” kapena kuti, “Nanga bwanji sanangochoka?” Pamene muyambe kudodoma, kapena kulumpha zaka zitatu ndi mawu amodzi, kapena kunena kuti apa sindinapaganize bwino, pamenepo ndi pomwe pagona vuto. Lembani funso limene wakufunsanilo momwe walifunsira, ndipo ntchito yanu ya mawa lake ikhale kuliyankha basi.

Zikachitika kuti pakamwa nkhaniyo ikuyenda bwinobwino koma papepala ikukana, ndiye kuti vuto silili m'ndondomeko. Kawirikawiri amakhala mantha a zimene anthu adzanene, ndipo za mantha taziyankha padera m'munsimu. Nthawi zina n'kutopa chabe. Mphunzitsi amene wachonga makope a ana tsiku lonse, kapena mlimi amene wabwera kumunda dzuwa litapendeka, asadabwe kuti nzeru sizikubwera nthawi ya 10 koloko usiku, ndipo mankhwala ake ndi kugona n'kusintha nthawi yolembera. Koma ngati kulemedwa mumtima kwafalikira pa zonse, moti chakudya sichikoma, tulo sitibwera ndipo kucheza ndi anthu kwasanduka mtolo kwa masabata angapo, nkhani imeneyo yaposa ya buku, ndipo ndi yofunika kukaonana ndi azachipatala.

Nthawi yachepa kale. Kodi si bwino kungoyamba kulemba m'malo motaya masiku pa ndondomeko?

Alipo alembi amene amalemba osadziwa kumene nkhani ikupita, ndipo ena mwa iwo amatulutsa mabuku abwino. Chimene sichinenedwa n'chakuti njira imeneyo imafuna nthawi yambiri, chifukwa munthu amalemba masamba ochuluka amene pambuyo pake amawataya akazindikira nkhani yeniyeni. Amene ali ndi miyezi itatu alibe masamba otaya. Choncho maganizo athu ndi akuti nthawi ikachepa m'pamene ndondomeko imafunika koposa, koma ikhale yaifupi ndiponso ikhale ndi tsiku lake lothera. Tawaonapo alembi amene amasandutsa ndondomeko kukhala pobisalira, n'kumajambula mapu a mudzi ndi kulemba mibadwo ya apangankhani kwa mwezi wathunthu popanda chaputala ngakhale chimodzi. Dzipatseni masabata awiri. Akatha, yambani kulemba ndi zimene muli nazo.

Ndondomekoyo ikhale ndi zinthu ziti?

Tsamba limodzi likuyenera kuyankha mafunso awa momveka: nkhaniyi ndi ya ndani, munthuyo akufuna chiyani, ndani kapena n'chiyani chikumutchinga, ataya chiyani akalephera, ndipo zidzatha bwanji. Mafunsowa amaoneka apafupi, koma alembi ambiri amayankha lachiwiri ndi mawu aakulu monga ufulu, chilungamo kapena mtendere, mawu amene sangabale chochitika ngakhale chimodzi. Chimene mwininkhani akufuna chikhale chinthu choti wowerenga angachione chikupezeka kapena chikutayika.

Tiyerekeze ndi nkhani yongopeka imene tiigwiritsenso ntchito m'mayankho ena. Felesiya wachokera ku Phalombe ndi mwamuna wake kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Chamama. Mwamunayo wamwalira mu February, fodya akuthyoledwa. Felesiya akufuna kumaliza nyengoyo, kulandira ndalama n'kubwerera kwawo ndi ana ake. Chikumutchinga ndi ngongole ya chimanga chimene akhala akulandira kwa mwini esiteti, kapitawo amene wasunga buku la ngongolezo, ndi mlamu wake amene wafika n'kunena kuti dzina lolembedwa m'bukumo ndi la mbale wake, motero ndalamazo n'za kwawo. Akalephera, ana ake akhala pa esitetipo chaka china osaponda kusukulu. Mukafika pamenepa mwapeza kale zochitika zoposa khumi musanaziganize n'komwe.

Funso la mapeto ndi limene ambiri amalithawa, ponena kuti adzaona akadzafika. Musalithawe. Sankhani mapeto lero, ngakhale mukudziwa kuti mwina mudzawasintha, chifukwa n'kosavuta kukonza mapeto olakwika kusiyana ndi kulemba machaputala makumi awiri opita kosadziwika. Mukatha tsamba limenelo, lembani chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa chaputala chilichonse, makamaka pa timapepala tosiyana kuti muthe kutisuntha pa mphasa kapena pa tebulo mpaka tsatanetsatane wa nkhani akhale bwino.

Vuto langa ndi losiyana: maganizo ndi ochuluka kwambiri, ndipo sindikudziwa loti nditsate.

Aliyense amene anasamalapo nazale ya fodya amadziwa kuti mbande zikamera mothithikana zimakhala zoonda zonse, ndipo amazula zina zabwinobwino kuti zotsalazo zikule. Mlembi nayenso ayenera kuzula. Buku loyamba limakonda kusenzetsedwa zonse zimene mwini wake wakhala akuzisunga mumtima: umasiye, ndale, ufiti, chikondi, katangale ndi ulendo wa ku Joni, zonse m'buku limodzi. Tengani ganizo lililonse mulifunse ngati likusintha zimene mwininkhani akufuna kapena zimene zikumutchinga. Ngati mlongo wake wa Felesiya amene ali ku Johannesburg satumiza ndalama, sabwera ndiponso sakana kuthandiza pa nthawi yofunika, ndiye kuti malo ake si m'buku lino. Musamutaye. Khalani ndi kope lina lolembamo zonse zimene mwazula, chifukwa mtima umavomera kusiya chinthu ukadziwa kuti chasungidwa pena.

Chiyambi ndikuchidziwa, mapeto ndikuwadziwanso, koma pakati palibe kanthu. Nditani?

Ili ndi funso limene limabwera kuposa onse, ndipo tikhalapo pang'ono. Pakati pa nkhani pamauma pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti zochitika zangondandalikidwa popanda chimodzi kubala chinzake. Werengani timapepala tanu ta machaputala motsatana, ndipo pakati pa kapepala ndi kanzake muyese kuikapo mawu akuti “chifukwa cha zimenezi”. Pamene pakulola mawu akuti “kenako” okha, pamenepo ulusi waduka. Felesiya akapita kumaliro, kenako kumsika, kenako kutchalitchi, wowerenga amatopa ndipo mlembi amatopa asanatope wowerenga. Koma ngati wagulitsa mobisa fodya pang'ono kwa mavenda kuti agule mankhwala a mwana, ndipo chifukwa cha zimenezi kapitawo wapeza pomugwirira, ndipo chifukwa cha zimenezi wakakamizika kupempha thandizo kwa mlamu amene amamuopa, chaputala chilichonse chikuitana chinzake ndipo mlembi sasowanso cholemba.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mlembi akumumvera chisoni mwininkhani wake. Timawakonda anthu amene tawapanga, ndipo timafulumira kuwatumizira m'busa wachifundo kapena malume olemera kuti awapulumutse. Mukaona kuti pakati pauma, funsani kuti ndi chinthu chiti choipitsitsa chimene chingamugwere munthuyu pa nthawi imeneyi, chochokera m'zochita zake zomwe, ndipo mulole kuti chimugwere. Chaputala chilichonse chimutsekere njira imodzi yothawira, kufikira pampondachimera pamene watsala ndi zosankha ziwiri zokha, zonse zowawa.

Pali thandizo lina limene alembi a kuno amaliiwala ngakhale lili pakhomo. Nkhani yokhazikika pa ulimi ili kale ndi msana wake, chifukwa nyengo siyembekezera munthu. Fodya amayamba ndi nazale chilimwe, amawokedwa mvula yoyamba ikagwa, amathyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'zigafa miyezi imene njala imaluma kwambiri, kenako amasankhidwa, kudindidwa m'mabelo n'kupita kumsika wa Chinkhoma, umene nthawi zambiri umatsegulidwa cha mu April. Gawo lililonse lili ndi ntchito yake, anthu ake, mikangano yake ndi tsiku limene silingasunthidwe. Mukayala nkhani yanu pa nyengo yotere, simudzafunsanso kuti chichitike n'chiyani mu chaputala 9, chifukwa mudzadziwa kuti ndi mwezi wa March, mvula ikudontha m'chigafa, ndipo Felesiya alibe womuthandiza kusoka. Nkhani ya kusukulu ili ndi materemu ndi mayeso, ya kuchipatala ili ndi miyezi ya malungo, ndipo ya m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu ili ndi nthawi imene njovu zimalowa m'minda chimanga chikamakhwima.

Apangankhani anga onse akulankhula mofanana ndipo akuoneka opanda moyo. Kodi ndiwasiye?

Musawasiye, koma muwapatse chofuna. Mpangankhani amazizira akakhala kuti ntchito yake ndi kungothandiza kapena kungozunza mwininkhani. Kapitawo wa m'chitsanzo chathu akakhala woipa chabe, mudzamulemba kawiri n'kutopa naye. Mukadziwa kuti nayenso ali ndi ngongole kwa mwini esiteti, ndipo mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale koma fizi palibe, mawu ake ayamba kusiyana ndi a ena, ndipo nkhanza zake ziyamba kumveka ngakhale sizikhululukika. Njira yachangu ndi kulemba tsamba limodzi limene mpangankhaniyo akufotokoza yekha nkhani yonse monga momwe iye akuionera, ngati kuti akudziteteza pamaso pa ankhoswe. Tsambalo silidzalowa m'buku. Komanso pitani mukakhale pa depoti ya mabasi, pachigayo kapena pamjigo ndi khutu lotseguka, chifukwa kalankhulidwe ka agogo, ka kondakitala ndi ka mlaliki sikapezeka pa tebulo lolembera.

Ndiwerengere bwanji masiku kuti ndisadzipusitse?

Yambirani pa tsiku lopereka n'kumabwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti mwatsala ndi masiku 90 ndipo akufuna buku la mawu 40,000. Chotsani masiku 14 a ndondomeko ndi masiku 21 a kukonza ndi kutaipa komaliza, ndipo mutsala ndi 55. Pa amenewa chotsaninso masiku osachepera 10 a mapemphero, matenda, alendo ndi maliro, pakuti palibe munthu wa m'mudzi kapena m'tauni muno amene angathe miyezi itatu osaitanidwa ku zovuta, ndipo simungakane kupita pa chifukwa cha buku. Masiku enieni olemba ndi 45, kutanthauza mawu pafupifupi 900 pa tsiku. Tsopano dziyeseni masiku atatu muone ngati 900 mukuwakwanitsa. Ngati mukufika 500 okha, masamu akuuzani lero zimene mukanazindikira mochedwa: muyenera kuchepetsa nkhani, kupeza ola lina m'mamawa, kapena kulankhula ndi wosindikiza, monga tafotokozera pa funso lomaliza.

Yang'ananinso kuti masiku amenewo agwera nyengo iti. Kunja kunatchuka mwambo wa NaNoWriMo, umene unayamba mu 1999, wolemba mawu 50,000 m'mwezi wa November, ndipo achinyamata ena amafuna kutengera liwiro limenelo. Kuno November ndi December ndi miyezi yobzala ndi kuwoka, ndipo kwa mphunzitsi ndi nthawi ya mayeso a kutha kwa teremu, choncho amene ali ndi munda kapena kalasi awerengere miyezi imeneyi ngati ya theka. Funsaninso msanga ngati muyezo umene akufuna ndi wa mawu kapena wa masamba, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali ndipo amadzaza tsamba msanga.

Nkhani yanga ndi ya zaka zakale, ndipo ndikuopa kulakwitsa mbiri. Kodi ndimalize kaye kufufuza?

Kufufuza sikutha, ndipo ndi pobisalira pena pa mlembi wamantha. Chimene muyenera kuchita musanalembe ndi kukhomerera chaka chenicheni cha nkhani yanu, chifukwa chaka chimagamula zambiri zimene mukanavutika nazo. Ngati nkhani ikuchitika 1971 isanafike, anthu anu akugwira mapaundi ndi masheleni, osati makwacha. Ngati mwamuna akupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodiyo, kumbukirani kuti boma linaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha amalawi ambiri obwerera kwawo. Mtsikana wa m'nkhani ya m'ma 1980 sangayende pa Kasungu boma atavala buluku, popeza lamulo la kavalidwe la 1973 linali likugwira ntchito mpaka 1993. Mlimi wamng'ono wa pa malo a mafumu sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha mu 1990, n'chifukwa chake ma esiteti ndi utenanti zinakula chotere m'boma lino, ndipo sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994. Nkhani ya Felesiya ikhala yosiyana kwambiri ikaikidwa mu 1985, mu njala ya 2002 imene inakantha Kasungu koopsa, kapena pambuyo pa 2021 pamene lamulo la ntchito linasinthidwa n'kuthetsa utenanti.

Zinthu zikuluzikulu zotere zitsimikizeni pa masabata awiri a ndondomeko. Zing'onozing'ono, monga mtengo wa sopo kapena dzina la basi imene inkadutsa mumsewu wa M1, zisakuimitseni. Ikani chizindikiro m'mphepete mwa tsamba n'kupitirira, ndipo mukamaliza zolemba zoyamba mutenge mafunso onsewo tsiku limodzi kupita nawo kwa akuluakulu amene anaona zinthuzo ndi maso. Agogo amene anagwirapo utenanti adzakuuzani m'maola awiri zimene intaneti ilibe.

Ndikuopa kuti abale anga kapena anthu a m'mudzi adzadzizindikira m'bukuli. Mantha amenewa ndithane nawo bwanji?

Mantha awa ndi oona ndipo sitiwapeputsa. Mlembi wa kuno salembera patali. Adzakumana ndi anthu omwewo kumsika, kutchalitchi ndi pamaliro, ndipo mawu akuti “watilemba m'buku” akhoza kudula chibale. Zimene timalangiza n'zakuti musiyanitse nthawi yolemba ndi nthawi yoteteza. Pa zolemba zoyamba lembani zoona zonse za mumtima mwanu, podziwa kuti palibe amene aziwerenge. Pokonza m'pamene musinthe zozindikiritsa: mudzi, ntchito, chiwerengero cha ana, msinkhu, ngakhale kusandutsa malume kukhala azakhali. Kawirikawiri mpangankhani wabwino amapangidwa ndi anthu atatu kapena anayi osakanizidwa, ndipo akatero sakhalanso chithunzi cha munthu mmodzi. Musaike dzina lenileni la munthu wamoyo pa mlandu umene mwapeka, chifukwa kumeneko n'kuipitsa mbiri ya munthu ndipo kukhoza kukufikitsani kukhoti.

Palinso nkhani ya miyambo. Ena amaima chifukwa nkhani yawo yafika pa chinamwali kapena pa gule wamkulu, ndipo sakudziwa malire a zimene angaulule. Maganizo athu ndi akuti nkhani yabwino siifuna zinsinsi za kudambwe kapena za kutsimba kuti igwire mtima. Imafuna zimene mpangankhani akumva ng'oma zikamalira usiku, mantha a mayi amene mwana wake watengedwa, ndi kusintha kwa mwanayo akabwerera. Zimenezo mukhoza kuzilemba mokwanira popanda kuphwanya ulemu wa eni mwambo, ndipo pamene mukukayika, funsani anamkungwi kapena akuluakulu a mudzi musanasindikize.

Ndimaima pa chiganizo chilichonse poganiza ngati Chichewa changa chili cholondola. Kodi ndichite bwanji?

Kulemba ndi kukonza ndi ntchito ziwiri, ndipo zikachitikira pamodzi zonse zimaima. Masiku 21 amene tawapatula pa funso la kuwerengera masiku ndi a ntchito imeneyi. Pa nthawiyo mudzakhala ndi malamulo a kalembedwe a Chichewa, amene anakonzedwanso mu 1990, ndi mtanthauziramawu amene anakonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo mudzaona bwino pamene mwalumikiza mawu osayenera kulumikizidwa kapena mwaiwala nkhodolero. Pa zolemba zoyamba lolani zolakwika zikhale.

Dziwaninso kuti mawu a wofotokoza nkhani ndi mawu a apangankhani sayenera kufanana. Wofotokoza atsate Chichewa chovomerezeka, koma munthu wa ku Nkhamenya kapena kwa Kaluluma amene amasakaniza ndi Chitumbuka alankhule momwe amalankhulira, ndipo Felesiya asataye kamvekedwe ka kwawo ku Phalombe. Kusiyana kumeneku ndi chuma cha buku lochokera m'boma limene anthu a zigawo zonse anakumana chifukwa cha fodya. Chofunika n'chakuti wowerenga wa ku Nsanje kapena ku Karonga athe kutsatira tanthauzo kuchokera pa zimene zikuchitika.

Kodi ndionetse anzanga ndondomeko yanga? Nanga akandibera nkhani?

Mutu umodzi susenza denga, koma si aliyense woyenera kuitanidwa. Ndondomeko imene idakali yanthete ikaponyedwa pa gulu la WhatsApp la anthu makumi asanu imabwerako ndi malangizo otsutsana, ndipo mlembi amene anali ndi funso limodzi amatsala ndi mafunso makumi awiri. Sankhani anthu awiri amene amawerenga mabuku ndiponso amene sakuopani. Musawafunse ngati nkhaniyo ili bwino, chifukwa mwaulemu wathu adzati ili bwino. Afunseni pamene anatopa, pamene sanakhulupirire, ndi munthu amene amafuna kumva zambiri za iye.

Za kuba, lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza ntchito imene yalembedwa, osati ganizo limene lili m'mutu kapena limene mwalinena pocheza. Choncho chitetezo chanu chachikulu ndi kulemba, kusunga makope okhala ndi masiku, ndi kudzitumizira nokha pa imelo. Bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa zaluso m'dziko muno, ndipo bungwe la alembi la MAWU ndi malo ena ofunsirako nzeru musanasaine mgwirizano uliwonse.

Ndilibe kompyuta, ndipo magetsi amazimazima. Kodi zingatheke?

Zingatheke. Lembani m'kope ndi cholembera, tsamba la kumanja lokha, kuti la kumanzere likhale la zokonza. Madzulo alionse jambulani masamba a tsikulo ndi foni n'kuwatumiza kwa munthu mmodzi wodalirika, kuti kope likanyowa kapena kutayika ntchito isathere pomwepo. Ngati mudzapereka kwa wotaipa, muonaneni naye tsopano, mugwirizane mtengo, ndipo muzimupatsa machaputala pang'onopang'ono m'malo momuunjikira buku lonse sabata yomaliza. Zimene wataipa muziwerenge nokha liwu ndi liwu, popeza wotaipa amene anazolowera makalata a Chingerezi amalakwitsa Chichewa mosazindikira.

Ndatsata zonsezi koma lero lenileni palibe chikutuluka. Ndichite chiyani pa ola limeneli?

Siyani chaputala chimene chakanacho mulembe china chimene mukuchiona bwino m'maso, ngakhale chikhale cha kumapeto, pakuti ndondomeko ilipo ndipo simusochera. Ngati nachonso chakana, lembani zokambirana zokha popanda kufotokoza malo, kapena lembani kalata yopita kwa mnzanu yomuuza zimene zimayenera kuchitika m'chaputalacho. Nthawi zambiri kalatayo ikafika pakati imasanduka chaputala chomwecho. Ena amathandizidwa ndi kuyenda wapansi kwa theka la ola akulankhula nkhaniyo pa foni n'kuijambula. Ndipo tsiku limene zikuyenda bwino, musalembe mpaka nzeru zitatheratu. Imani pamene mukudziwa chiganizo chotsatira, mulembe mawu awiri okukumbutsani, kuti mawa musadzayambire pa tsamba loyera.

Ndaona kuti sindikwanitsa tsiku limene tinagwirizana. Kodi ndingokhala chete mpaka nditamaliza?

Musakhale chete. Manyazi amachititsa alembi ambiri kuzimitsa foni, koma wosindikiza amakhala atakonza kale nthawi ya mkonzi, ya wojambula chikuto ndi ya makina osindikizira, ndipo ngati bukulo akufuna kuti likafike m'masukulu, kuchedwa kwa mwezi umodzi kukhoza kulitayitsa chaka chathunthu. Mukangoona kuchokera pa masamu a masiku kuti simufika, lembani kalata yaulemu nthawi yomweyo. Nenani machaputala amene mwamaliza, tumizani ndondomeko yonse pamodzi ndi machaputala atatu oyamba kuti aone kuti ntchito ilipo, ndipo tchulani tsiku latsopano limene mwaliwerengera moona, osati limene mukuganiza kuti liwasangalatsa. Pemphani kamodzi kokha, chifukwa pempho lachiwiri limachotsa chikhulupiriro. Werenganinso mgwirizano wanu kuti mudziwe zimene unanena za kuchedwa, makamaka ngati munalandirako ndalama zoyambira.

Mpikisano ndi wosiyana, pakuti tsiku lake silisunthidwa chifukwa cha munthu mmodzi. Pamenepo muli ndi njira ziwiri. Ngati malamulo ake akulola buku lalifupi kuposa limene munakonza, bwererani ku funso la maganizo ochuluka, muchotse nthambi imodzi yathunthu ya nkhani pamodzi ndi apangankhani ake, osati kudula pang'onopang'ono m'chaputala chilichonse, ndipo mumalize nkhani yaifupi koma yathunthu. Ngati zimenezo sizingatheke popanda kuipha nkhaniyo, musatumize buku la mapeto othamangitsidwa. Lembani pa kalendala tsiku lanu lomalizira, muuze mmodzi mwa owerenga anu awiri aja kuti adzakufunseni pa tsikulo, ndipo mupitirize ndi mawu a tsiku ndi tsiku amene munayeza kuti mumawakwanitsa, kuti mpikisano wotsatira kapena wosindikiza wina adzapeze buku lili lokonzeka.